Tinsalu ta M'paipi ya Amayi

Tsiku lomaliza limene Dipuloma anawaona amayi ake ali moyo, anali pa denga, atawerama pa chidebe cha tomato, singano ikadali yobayidwa pa kolala ya diresi lawo. Iye anali ataberekera chikwama, akubwerera ku koleji. Anawauza kuti basi imusiya. Iwo sanaweramuke n'komwe, anangomuuza kuti azikadya, asadzabwerenso ataonda ngati waya woyanikapo zovala. Anaseka n'kutsika masitepe. Uthenga unamupeza pakati pa teremu. Anabwera kudzaika maliro, ndipo ku koleji sanabwererenso.

Dzina loti Dipuloma anamupatsa ndi anyamata ochezera pakhomo la nyumba yawoyo, iye atangoyamba kumene maphunziro. Tsopano dzinalo linkamubaya, koma akamuitana ankavomerabe. Analibe mphamvu zokanira.

Nyumbayo inali yosanja, ya anthu ambiri ochita lendi, ndipo denga lake linali lafulati, la konkire, poyanikira zovala. Amayi ake, omwe anali telala, anapempha alandilodi kangodya kamodzi n'kupangapo dimba. Anadzala tomato, tsabola ndi anyezi m'zidebe za penti ndi m'zigubu zodula pakati, chilichonse chobooledwa pansi. Tomato ankamumangirira ku timitengo ndi zidutswa za nsalu za makasitomala, moti wina anavala yunifolomu ya sukulu, wina leso ya ukwati. Pambali panali mgolo wa madzi wokhala ndi mpopi, ndipo paipi yakuda yopyapyala inkachoka pamenepo n'kudutsa pamwamba pa zidebe zonse. Pa chidebe chilichonse paipiyo inali ndi kabowo kodontheza madzi.

Anthu a pamaliro atabalalika, Dipuloma anakwera pa denga n'kupeza mbewu zonse zitazolika mitu. Anadzaza mgolo, n'kutsegula mpopi, koma madzi ankangotuluka ngati misozi ya munthu wolira mokakamiza. Atayang'anitsitsa anaona kuti m'kabowo kalikonse munali kansalu kopindidwa. Anaganiza kuti ndi zinyalala za m'makina osokera zimene zinalowa m'mgolo n'kukatseka paipi. Anatenga msomali, anazomola tinsalu tonse, ndipo timabowoto anatikulitsako kuti tisadzatsekekenso. Madzi anathamanga. Pofika mawa lake masamba anali atadzuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni amayi ake, mnyamatayo anamva ngati wachita chinthu cholondola.

Koma mgolo tsopano unkatha msanga. Madzi ankachokera pa mpopi wa pansi penipeni pa nyumbayo, choncho Dipuloma ankangokhalira kukwera ndi kutsika, ndowa kuno ndowa uku, mapewa akuwotcha. Sankadandaula. M'chipinda mwawo munali makina osokera ovundikiridwa ndi nsalu, ndipo pansi pa singano panali siketi ya munthu wina imene amayi ake anaisiya pakati pa msoko. Kukhala m'chipindamo masana kunali kovuta kuposa kunyamula madzi. Akatopa kwambiri ankangolowa, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Posakhalitsa masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu. Iye anati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi. Kenako alandilodi anamuitanira m'chipinda cha Aphunzitsi, mayi wachikulire wopuma pa ntchito amene ankakhala pansi penipeni pa dimbalo. Kudenga kwa chipindacho kunali chibanga chachikulu chonyowa, penti ikusendeka, ndipo Aphunzitsi anali atakokera bedi lawo pakati n'kutchera beseni pomwe panali pilo. Alandilodi sanakalipe. Anati malemu anali munthu wabwino ndipo sanavutitsepo aliyense, koma nyumba si dambo. Mwezi ukamatha, ngati denga lidzakhale likudonthabe, zidebe zonse zikatsikira kudzala.

Madzulo ake kunabwera amalume ake, munthu wodziwa zonse, kuyambira matenda a galimoto mpaka zimene boma likulakwitsa. Anayendera dimbalo manja ali kumbuyo ngati abwana oyendera ntchito.

"Mphwanga, sukulu yonse ija sinakuthandize? Madzi akutulukira pati?"

"Pansi pa zidebe, amalume."

"Ndiye tseka pansipo. Madzi akhale m'chidebe, mbewu imwe mmene ikufunira, agogo a pansiwo agone mouma. Ukapeza phindu usandiiwale."

Zinamveka zanzeru. Dipuloma anasungunula mapulasitiki n'kumata mabowo onse a pansi pa zidebe, ndipo anapitiriza kutunga madzi monga kale. Patangopita masiku ochepa, zidebe zinasanduka zithaphwi. Dothi linayamba kununkha ngati ngalande ya kumsika, tomato wosapsa ankangoyoyoka, ndipo pamwamba pa madziwo pankavina timphutsi ta udzudzu. Amayi oyanika zovala anayamba kudutsa atagwira mphuno. Wina ananena mokweza kuti mwana wake walumidwa thupi lonse, ndipo akadwala malungo iye adziwa khomo logogoda. Madzi osefukira ankayendabe pa konkire, ndipo beseni la Aphunzitsi silinasiye kulira.

Tsiku lina m'mawa, akukhuthulira ndowa m'mgolo, anamva munthu akupuma movutikira pa masitepe. Anali Aphunzitsi, akukwera sitepe imodzi n'kuima, dzanja lili pa bondo. Anaphunzitsa zaulimi ku sekondale kwa zaka zambiri, koma sanabwere ndi nkhope ya m'kalasi. Anabwera ndi nkhope ya munthu amene matiresi ake akununkha chinyezi. Anakhala pa chigubu chovundikira, napuma kaye, kenako anamuuza kuti azule tomato mmodzi.

Dipuloma anakana. Anati amene uja anadzala ndi amayi ake.

"Ndikudziwa amene anadzala, mwana wanga. Ndinalipo. Zula."

Anagwira tsinde, ndipo tomatoyo anangotuluka yekha, osalimbana naye n'komwe. Mizu inali yoderako, yoterera, ndipo inatsalira m'zala zake ngati ulusi wovunda. Aphunzitsi anamufotokozera kuti muzu umapuma ngati munthu, ndipo dothi likadzaza madzi mpweya umasowa polowera. Mbewu yomira imafota n'kuchita chikasu chimodzimodzi ndi mbewu yaludzu, n'chifukwa chake anthu ambiri amaiwonjezera madzi mpaka kuimaliza. Asanathirire, anati, munthu azipisa chala m'dothi, ndipo chikatuluka chonyowa mpopi usatsegulidwe. Atamva za mabowo omatidwa aja anafunsa kuti nzeru imeneyo inachokera kwa ndani. Atauzidwa, anangoti amalumewo aziwalemekeza ndithu, koma asamawaonetse chilichonse chokhala ndi mizu.

Kenako ananyamula paipi ija, nayendetsa chala pa timabowo.

"Tinsalu tija tili kuti?"

"Ndinachotsa. Tinatseka madzi."

"Ndiyo inali ntchito yake." Anaika paipiyo pansi pang'onopang'ono. "Dimba likuyamba, ndinawauza mayi ako kuti pa denga madzi amafunika azidontha, asamayende, chifukwa pansi pali anthu. Iwo anapita kukakhala pa makina paja, n'kubwera ndi tinsalu topinda. Kalikonse anakalowetsa ndi singano. Ka tomato kanali kolekerera pang'ono, ka tsabola kothina, poti tsabola sakonda madzi ambiri. Mgolo umodzi unkawakwanira pafupifupi sabata yonse."

Dipuloma anakumbukira mmene anasesera tinsaluto n'kutitaya ndi zinyalala, akudziona ngati katswiri. Anaseka kuseka kowawa. Anati ndiye kuti chimene amayi ake anachisamala zaka zonsezi, iye wachimaliza mwezi umodzi, ndi mphamvu zake zomwe, thukuta lili kamukamu.

Aphunzitsi sanamutsutse, ndipo sanamutonthoze. Anati ankamumva tsiku lonse akudutsa pakhomo pawo ndi ndowa, kukwera, kutsika, kukweranso, mpaka iwo ankatopa m'malo mwake.

"Tandiuza zoona. Madzi onsewa ukutungira mbewuzi, kapena ukuthawa m'chipinda muja?"

Dipuloma anayang'ana zovala za anthu zikuuluzika pa waya. Patapita nthawi anapita pa mgolo n'kutseka mpopi.

Ntchito imene Aphunzitsi anamupatsa inali yambiri, ndipo iwo ankangolozera atakhala. Dipuloma anaboolanso zidebe zonse ndi msomali wamoto, madzi akuda n'kutuluka. Chilichonse anachikweza pa njerwa kuti pansi pazipita mphepo ndipo konkire iziuma. Anazichotsa pakati pa denga n'kuzindandalika m'mbali, pamwamba pa makoma, chifukwa dothi lonyowa ndi lolemera ndipo pakati pa denga palibe chochirikiza. Pansi pa mzere wa zidebe anaika lata lakale lopendekeka, loti madzi otsala azitsetserekera ku bowo lotulukira madzi a mvula. Bowolo analipeza litatsekeka ndi dothi lokokoloka m'zidebe zake zomwe, ndipo analitokosa mpaka linatseguka. Mgolo anauvundikira kuti udzudzu usaikiremo mazira. Tomato yense ndi anyezi anazula. Panatsala tsabola yekha, amene Aphunzitsi anati mwina angapirire, koma sakulonjeza.

"Kwatsala tinsalu," anatero akudzuka movutikira. "Za thonje, osati zoterera zija. Ukudziwa kumene zili."

Ankadziwadi. Dengu la zidutswa linali pansi pa makina osokera. Masana amenewo anakhala pa mpando wa amayi ake, umene unali wotsika kwa iye moti mawondo ankagunda thabwa. Anakoka dengulo. Zidutswazo zinkanunkhira mafuta a makina ndi sopo wawo uja. Zina ankazidziwa: malaya ake a ku pulayimale, katani ya pawindo, diresi limene amayi ake anavala tsiku lomuperekeza ku koleji. Lumo linali pamalo pake, chogwirira chake chokulungidwa ndi kansalu kuti chisamapweteke chala. Anadula kachidutswa koyamba mokhota. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linachoka pawindo, nthawi zina akudula, nthawi zina atangogwira nsalu, ndipo panalibe ndowa yoti athawire.

Tinsalu take sitinafanane ndi ta amayi ake. Tina tinkathina kwambiri osatulutsa kanthu, tina tinkalavulidwa ndi madzi mpopi ukangotsegulidwa. Anabwereza kangapo, mpaka paipi inayamba kudontha mwaulemu. Mgolo unasiya kutha. Masana anakhala aatali, opanda chochita, ndipo tsiku lina anachotsa siketi ija pansi pa singano n'kukaipereka kwa telala wina kuti aimalize, mwini wake alandire.

Mwezi ukutha alandilodi anakwera, Aphunzitsi ali pambuyo pawo. Anali atayamba aona chipinda chija, ndipo anapeza chibanga chitauma, beseni litabwerera ku bafa. Anayenda m'mbali mwa zidebe, nasuzumira pansi pa lata, nagogoda konkire ndi nsapato. Anati penti ya kudenga akapaka Dipuloma ndi manja ake, ndipo zidebe zisachulukenso kuposa pamenepa. Aphunzitsi anawonjezera kuti dontho limodzi lokha likadzagwera pa pilo wawo, sadzavutikanso kukwera masitepe, adzangotuma anthu odzatsitsa zidebe. Dimba linatsala.

Tsabola sanapirire. Mmodzimmodzi anayoyola masamba, ndipo womaliza anauma ali chiimire, atamangidwabe ndi kansalu kamaluwa. Dipuloma anamusiya masiku angapo, akumapisa chala m'dothi ngati pali chimene chingasinthe. Kenako anamuzula yekha. Dothi la m'zidebe zonse analikhuthulira pa saka, naliyanika padzuwa mpaka fungo linatha, nalisakaniza ndi mchenga ndi manyowa monga anamuuzira Aphunzitsi. Amalume ake atabwera n'kuona zidebe zopanda kanthu, anati iwo anadziwiratu kuti ulimi wa pa denga ndi wa anthu osowa chochita. Dipuloma anawapatsa mpando ndi madzi akumwa.

Phunziro: Mbewu ya m'chidebe imafa ndi madzi ochuluka msanga kuposa ndi ludzu. Chidebe chikhale chobooka pansi, chokwezedwa, ndiponso cha m'mbali mwa denga, ndipo madzi azidontha, asamayende, chifukwa pansi panu pakugona anthu. Mukapeza chinthu chimene simukuchimvetsa pa ntchito imene wina anakusiyirani, funsani amene anaiona ikugwiridwa musanachichotse. Ndipo mukakhala pa chisoni, samalani ndi ntchito imene mukuigwira mopitirira muyezo, chifukwa si zonse zimene manja otopa amachita zimene zimathandiza.

Mbewu zimene amayi ake anadzala zinatha zonse. Zake zoyamba Dipuloma anafesa pa 3 Novembala.