Mluzu wa Lole ya Asilikali

Ine ndayenda. Ndawotchererapo zitsulo pasitima zapanyanja yamchere, ndadzutsapo majenereta akufa m'migodi, ndagonapo m'mayiko oti ukalavula malovu amaundana asanafike pansi. Garaja yanga ndinaiyamba ndi sipanala imodzi, lero aliyense mumsewu wathu amanditcha Injiniya ngakhale sukulu ya uinjiniya sindinapondeko. Palibe injini inandikanapo.

Lole ija ndinaigula pa okushoni ya katundu wakale wa asilikali. Inali ya matayala asanu ndi limodzi, onse okoka, lililonse lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Injini yake ndi yosasankha: dizilo, palafini, oyilo wakutha, zonse imameza. Inafika pagaraja chokokedwa chifukwa inali itagona zaka zambiri, mavu atamanga m'kabini.

Kuseri kwa garaja kuli kachipinda komwe ankakhala achimwene anga chimwalirireni akazi awo. Iwo anali msilikali. Anatumizidwa kunkhondo yakutali ine ndili pasitima, ndipo anabwerako ndi manja ndi miyendo yonse, koma mawu ambiri anawasiya komweko. Ankadzuka dzuwa litakwera, kudya pang'ono, kukagonanso. Ndinkafuna akhale nafe mpaka ukalamba, ndipo ndinkafuna adzuke. Mumtima ndinati msilikali akaona lole ya asilikali, magazi ayambanso kuyenda.

Achimwene anaiyang'ana ali chapatali, manja kumbuyo.

"Ndiye wagula chimenechi, Injiniya?"

"Ndagulira inu, achimwene. Muzikhala kutsogolo kuno, chigongono pawindo, ngati mkulu wa asilikali."

"Ife tinkakhala kumbuyo," anatero, n'kulowa m'chipinda mwawo.

Kudzutsa lole yotero si masewera, ndiye ndinayamba ndi chakudya chake. Ndinazungulira magaraja a anzanga kutolera oyilo yemwe amakhetsa m'magalimoto, wakuda bii, woti ena amangothira m'ngalande. Nzeru yomusefa ndinaiona kwa mzungu wina wamisala kumgodi. Oyilo umamuthira m'diramu n'kumusiya adikhe, madzi ndi matope zitsikire pansi. Ukatero umatunga wapamwamba yekha, n'kumudutsitsa m'mwendo wa thalauza la jinzi womanga kunsi. Akatuluka mmenemo alowe m'bulangeti, kenako adutse pamaginito oti agwire tizitsulo, pomaliza m'fyuluta yeniyeni. Ndi ntchito yofuna munthu wodekha, ndipo ine kudekha si mphatso yanga.

Tsiku lina ndinapeza achimwene ataima pamadiramu, akuyang'ana dontho likugwa kuchokera kumwendo wa thalauza.

"Ukufinya bwanji? Ukukankhira matope m'kati. Choka apa."

Kuyambira pamenepo madiramu anakhala awo. Anayamba kudzuka ine ndisanadzuke, atameta ndevu. Anawafoletsa madiramu pamzere kukhoma ngati ali paperete, wakuda kumanzere, wosefedwa kumanja. Ankadontheza oyilo pagalasi n'kuunika padzuwa, akaona kachitsotso n'kubwezera diramu lonse poyambira. Mathalauza anga anatha. Tsiku lina anadula langa latsopano lomwe ndinagula kunja.

"Achimwene, limenelo ndinagula m'sitolo ya masitepe oyenda okha."

"Ndiye n'chifukwa chake likusefa bwino."

Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi. Madzulo ake anandinong'oneza kuti alamu ake apempha chakudya chowonjezera. Ine ndinadziguguda pachifuwa. Ndinati mwaona, mankhwala a munthu ndimawadziwa ine.

Ine mbali yanga ndinachotsa mtundu wa asilikali n'kupaka utoto wachikasu. Ndinaika mipando ya basi m'kabini, wailesi, thanki yachiwiri ya oyilo wathu, ndi paipi ya madzi otentha yozungulira thankiyo kuti oyilo asamalimbe kukazizira. Achimwene kulole sankayandikira, koma sindinaziganizire. Ndinkati atanganidwa.

Tsiku loidzutsa linali Loweruka m'mawa. Ndinaitana wogulitsa matayala, wowotcherera wapafupi ndi aliyense wofuna kuona. Ndinakwera, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kenako inagwira. Pansi panagwedezeka. Nditaponda mafuta, tebo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, inaimba mluzu wake wautali, wokwera, ndipo nditachotsa phazi mluzuwo unatsika pang'onopang'ono. Anthu anawomba m'manja. Ndinapondanso, ndi kupondanso, mutu uli pawindo, ndikuwauza kuti ikuyendera zinyalala za magalimoto awo.

Ndinamva wina akukoka mwendo wa ovolosi yanga. Anali mkazi wanga.

"Zimitsani."

"Mayi, ikungoyamba kumene kutentha."

"Ndati zimitsani. Kaoneni alamu."

Ndinawapeza pakati pa madiramu. Anakhala pa kabenchi, msana uli chilili, mawondo pamodzi, manja awiri atagwira chinthu chomwe panalibe pakati pa miyendo yawo. Mpopi wa diramu unali wotsekula, oyilo akuyenderera pansapato zawo, iwo osaona. Ndinawaitana kangapo asanatembenuke.

Anandiuza mawa lake, tikupala oyilo pansi ndi utuchi.

"Si utoto, Injiniya. Ndi mluzu uja. Tikakhala kumbuyo, tenti itatsekedwa, kunja sitinkaona. Tinkangomvera mluzu. Ukatsika ndiye kuti dalaivala wachotsa phazi, tafika. Kutsika tinkatsika tonse. Pobwerera benchi inkakhala ndi malo."

Ndinangoti, "Mluzu wokhawo? Ndiupha. Ndipatseni masiku ochepa."

Mkazi wanga anati ndiichotse lole pabwalo, ndikaisiye kwa wogulitsa matayala kapena ndiigulitse. Wowotcherera anati ndingochotsa tebo, mluzu uthere pomwepo. Zimenezo ndinkazidziwa kale, koma lole yopanda tebo ndi ng'ombe yofula, pachitunda imachita kupempha. Ine wodzutsa majenereta m'migodi, kulephera kutseka pakamwa kachitsulo kokwana m'manja? Ndinati ndisunga mphamvu, ndisunganso achimwene.

Ndinaika sailensa ya basi yochepetsa phokoso. Ndinakulunga mapaipi ndi nsalu yosapsa. Ndinawotcherera bokosi lachitsulo polowera mpweya n'kuliyala thonje m'kati. Vuto lake linali limodzi: chilichonse ukakonza, uyenera kuliza injini kuti umve ngati chatheka. Ndinkapita pakhomo pawo n'kugogoda.

"Achimwene, ndikuyesa pang'ono."

Iwo ankavala chipewa n'kutuluka pageti, kuyenda mpaka kumapeto kwa msewu, pomwe pali malo ometera. Ndikazimitsa ankabwerera.

"Pano bwanji?"

"Ukumveka."

"Koma wachepa."

"Wachepa. Ukumveka."

Zinatero kangapo pasabata. Madiramu anayamba kusokonekera, wakuda kupezeka kumanja. Ndevu zinameranso. Wometa anandiuza kuti achimwene akafika samalowa, amaima kuseri kwa khoma atatseka maso. Ndinamuyankha kuti bokosi latsopano lomwe ndikupanga likhala lomaliza.

Ndisanalimalize, mlongo wathu anafika ndi mwamuna wake. Achimwene anali atawaimbira foni. Ndinapeza chikwama chili kale pakhomo.

"Achimwene, sabata imodzi yokha. Ndapeza pomwe ukutulukira."

"Ndikudziwa kuti upeza, Injiniya. Iwe sulephera." Anandigwira paphewa. "Kungoti ine ndatopa n'kudikira kuti ulize."

Mlongo wathu amakhala kutali, ulendo wa tsiku lonse. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndiwaperekeza palole, koma mkazi wanga anandiyang'ana diso loti ndisayerekeze. Achimwene anakwera basi.

Tebo ndinaichotsa mawa lake. Inali ntchito yochepa kwambiri, tiyi wanga asanazizire n'komwe mabawuti anali atamasuka. Ndinalumikiza mapaipi, n'kuliza. Lole inangoti gudugudu ngati chigayo, mluzu kulibe. Ndinaponda, ndinachotsa phazi, zii. Wowotcherera anasuzumira pampanda, kenako anabwerera kuntchito yake.

Mwezi usanathe ndinavala jekete langa labwino n'kukwera basi. Ndinanyamula tebo ija m'thumba, yokulunga m'nyuzipepala, kuti achimwene aione ndi maso awo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya mlongo wathu akumanga khola la nkhunda. Anali atameta. Ndinaika thumba pansi n'kulitsekula.

"Nayi mbalame yanu. Ndaidula khosi."

Anainyamula, anazunguza kampeni kake ka m'kati ndi chala, n'kumwetulira.

"Kanthu kakang'ono chonchi."

"Tiyeni kunyumba, achimwene. Chipinda chili momwe munachisiyira. Oyilo akundikana, ndatseka kale mafyuluta awiri."

"Umafinya."

"Ndiye bwerani mudzandiletse."

Anabweza tebo m'thumba n'kumanga bwinobwino. Anatola msomali pansi, anauwongola ndi hamala pamwala, mosafulumira.

"Wachita bwino, mng'ono wanga. Koma kuno ndimagona. Kwanu kuja, ngakhale itakhala chete, ndizidzuka n'kuiona pawindo, n'kumadikira."

"Ndiigulitsa."

"Usagulitse. Umaikonda. Gwira apa."

Ndinagwira thabwa, iwo akukhoma. Ndinawauza za doko lina komwe nkhunda zake n'zazikulu ngati nkhuku, anaseka, anati ndayambapo mabodza anga. Tinamaliza mbali imodzi ya khola, nthawi ya basi yausiku n'kukwana.

Mlongo wathu anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati matiresi a achimwene ndi wailesi yawo zidakali kwathu, ndipo akuzifuna. Ndinati ndibwera nazo ndekha sabata yamawa, malo m'lole ndi ambiri.

"Mungotumiza pabasi, Injiniya," anatero.