Tiyi wa Qiuhe

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri Fang Qiuhe ankalawirira kukachita tai chi, masewera a nkhonya achitchaina oyenda modekha, m'bwalo la aphunzitsi Dou, koma dzina lake linali lisanalembedwe m'buku la ophunzira amene ankawatenga ngati ana awo. Kuti ulembedwe umagwada n'kupereka tiyi ndi manja awiri. Aphunzitsi akamwa, basi, ndiwe mwana wawo. Katatu konse tiyi wa Qiuhe sanamwedwe.

Tsopano aphunzitsi anali atatheratu ndi chifuwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwambo wa chaka chimenecho unali wotsiriza. Qiuhe anasiya mowa, n'kumaima ngati chitsa ola lathunthu tsiku lililonse pofuna kudekhetsa mtima. Anyamata a dzulodzuloli anali atalembedwa kale iye akuona. Tisabise, zinkamuwawa.

Tiyi asanabwere, ankayamba kukankhana manja. Tsiku la mwambo litafika, Qiuhe anakhudzitsa mkono wake pa wa aphunzitsi, nayamba kuzunguza pang'onopang'ono. Mumtima ankangodziuza kuti dekha, dekha.

“Ukundisokosera, iwe,” anatero aphunzitsi.

“Sindinayankhuletu, aphunzitsi.”

“Mkono wakowu. Ukungoti ndilandireni, ndilandireni, ngati wogulitsa mbatata yootcha pa siteshoni.”

Ophunzira ena anaseka.

“Ndiye nditani?”

“Leka kufuna.”

“Ndikaleka, zaka zonsezi ndimadzukiranji?”

Aphunzitsi anangopotoza chiuno pang'ono, Qiuhe ali pansi khu! Anadzuka, nasasa fumbi, nagwadabe ndi tiyi wake. Mkuluyo analandira kapu, naiyang'ana nthawi yaitali mwachisoni, kenako anaiika patebulo.

“Chaka chamawa, Qiuhe.”

Apa palibe anaseka.

Anthu atabalalika, Qiuhe anawagwira mkono aphunzitsi kuti awaperekeze m'nyumba. Zonse zinali zitamuthera. Sankayembekeza kanthu, sankapempha kanthu, ankangoona kuti mkuluyo asapunthwe pa njerwa. Atafika pakhomo, aphunzitsi anaima, natsinzina, ngati akumvetsera chinachake chakutali.

“Apa ndiye wadekha,” anatero chapansipansi. “Ndi zimenezitu.”

Maso a Qiuhe anathamangira patebulo paja pomwe panali tiyi uja, ndipo nthawi yomweyo mkono wake unauma gwa.

Aphunzitsi anausa moyo. Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, nagwira khoma, n'kulowa okha.