Chipinda cha Kumunsi

Mwana wanga atandiuza kuti akufuna kuwonjezera chipinda panyumba panga kuti ndizipumamo bwino, ndinathokoza, koma mtima sunakhale m'malo. Iyeyu ndi mkazi wake anabwera ndi ana awo kudzakhala nane mkazi wanga atamwalira, ati kudzandisamala chifukwa cha maondo angawa. Chibwerereni sanandigulirepo ngakhale ndodo. Ndiye lero chipinda chathunthu? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nyumbayi ndinaimanga pamalo otsetsereka. Kumaso umalowa osakweza phazi, koma kuseri ukagwetsa ndowa umakaitola kumpanda. Kuseri komweko n'kumene mmisiri anakhoma zikhomo zake ndi kukoka zingwe.

Ndinkakhala pawindo kuonerera. Ngalande za maziko sankakumba molingana ayi, ankazidula ngati masitepe, kutsika, kutsikanso. Apongozi anga, mkazi wa mwana wangayo, akamubweretsera madzi akumwa ankayankhula naye chapansipansi, ine ndikatsokomola onse n'kukhala chete. Zimenezi zinkandinyansa kwambiri.

Tsiku lothira konkire, mwana wanga ndi mkazi wake atachoka, ndinadzikoka mpaka pakona pa nyumba n'kumuitana mmisiriyo.

"Amisiri, tandiuzani. Pansi pa chipindachi padzalingana ndi pabalaza panga?"

"Ayi bambo, padzatsika. Kutsika kwake ngati kuchokera m'chiuno mwanumo kufika pansi."

"Kulinganiza sikutheka?"

"Kumatheka bwinobwino. Kumunsiku timamanga khoma lochindikala, mkati n'kuthira miyala ndi dothi, kutsendera, mpaka zifike pa levulo ya nyumba yakaleyi. Kenako timaboola khomali n'kuika chitseko, munthu n'kumangodutsa. Ndinawafotokozera zonsezi."

"Ndiye anati bwanji?"

Anayamba kupala simenti pafosholo yake, ngati kuti fosholoyo ndi imene yamufunsa.

"Anati khoma lakale ndisalikhudze. Chitseko chiyang'ane kumunsi."

Ndinabwerera pang'onopang'ono, chogwira khoma. Khoma lomwelo ndinathandiza kulimanga ndi manja angawa, ndipo mantha anandigwira, sindibisa.

Madzulo tili patebulo ndinadikira kuti adzukulu atuluke, kenako ndinamufunsa mwana wanga.

"Iwe, chipinda ukundimangirachi bwanji chilibe khomo lolowera m'nyumba muno?"

"Aaa, bambo, inu kukayikira chilichonse. Kumeneko kuli phee, ana sazikusokosani. Bafa yanuyanu, chimbudzi momwemo. Ena amachita kulota zoterezi."

"Amalota, eti? Chabwino. Nanga ndikafuna kukhala pabalaza panga, kudya ndi adzukulu anga, ndidzazungulira bwanji chitunda chimenechi ndi maondo amenewa?"

Mwana wanga anayamba kufunafuna mchere umene unali patsogolo pake pomwe. Ndinkafuna andikalipire, anditchule wamisala, kuti mwina ndikhulupirire kuti ndikungoganiza zopusa. Koma amene anayankha ndi apongozi anga, mwaulemu wonse, manja pachifuwa, osaganizira n'komwe.

"Musadandaule bambo, simudzafunikanso kukwera kuno. Zonse tizikubweretserani komweko."