Masewero Amene Mayi Sanaonere

"Usazule chingwecho," anatero atelala.

Mwana wawo wamwamuna, amene abale ankangomutchula kuti Bwana chifukwa sankavula tayi, anali atagwada kuseri kwa TV, dzanja lili pa pulagi. Panali patapita masiku asanu chiikireni amayi ake m'manda. Pakhomo panali makatoni awiri omanga kale. Ina munali madisiki a mafilimu achimwenye, ina munali timapepala ta zisudzo zonse zimene mayiwo anaonerapo.

"Bambo, inu TV simuonera. Ikangodzaza fumbi muno. Kwathu ana aigwiritsa ntchito."

"Usazule."

Mlongo wake wa Bwana, namwino, anaima pakhomo la kukhitchini ndi mbale yonyowa m'manja. Iye ankadziwa chimene bambo ake ankateteza. M'mawa umene anawatengera kuchipatala, amayi anakana kukwera galimoto mpaka atatchera dikoda kuti ijambule fainolo ya tenisi ya akazi. Mtsikana wamanzere amene ankamukonda anali atafika fainolo koyamba. Mu wodi, wailesi ikayamba nkhani zamasewero, ankatseka makutu ndi pilo. "Wondiuza zotsatira tidana," ankatero. "Ndikaonera ndekha ndikatuluka."

Sanatuluke. Ndipo atelala, kuyambira tsiku limenelo, sanatsegule nyuzipepala kapena wailesi.

Bwana anadzuka, nasasa mawondo a thalauza lake.

"Koma bambo, tisanamizane. Zaka makumi atatu mwakhala mukunena kuti tenisi ndi masewero a anthu osowa chochita. Amayi akaika filimu, inu munkapondaponda makina mpaka nyimbo osamveka. Ku zisudzo ankapita okha ngati mkazi wamasiye, mwamuna ali moyo. Lero ndiye mwasanduka wokonda mpira wa tenisi?"

"Achimwene, asiyeni," anatero namwino.

"Ndiwasiye chiyani? Chikondi chobwera munthu atagona m'dothi?" Anatembenukira kwa bambo ake. "Wamanzere wawoyo analuza. Anamukwapula. Dziko lonse likudziwa kupatula inu. Ndiye mukusunga chiyani?"

Namwino anaika mbale ija pansi pang'onopang'ono. Atelala anayang'ana mwana wawo. Pa zonse zimene mwanayo ananena panalibe bodza, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri.

"Makatoniwo uwasiye," anatero. "Chitseko ukuchidziwa."

Galimoto ya Bwana itatuluka pageti, atelala anatenga rimoti. Anaitembenuza uku ndi uku. Mabatani ena anali atafufutika manambala ndi chala cha akazi awo, koma iwo sankadziwa poyambira. Anaipereka kwa namwino, ndipo iye anaika fainolo yojambulidwa ija.

Atelala anakhala pa mpando wamatabwa. Wa akazi awo, wokhala ndi khushoni yobooka, anausiya wopanda munthu. Dzuwa la masana linkawala pagalasi, namwino nakoka katani.

Mawerengedwe a mapointi sankawamva. Ankangoona kampira kachikasu kakupita ndi kubwera, ndi mtsikana wamanzere akupukuta thukuta ndi mkono. Monga telala, anaona kuti diresi lake linasokedwa mothina paphewa, ndipo anatsala pang'ono kunena zimenezi kwa mpando wopanda munthu uja. Kwa maola awiri sanafunse funso. Nthawi ina mtsikanayo anatsogola, ndipo mtima wawo unadumpha ngati sakudziwa mathero ake. Anadzikwiyira.

Kenaka kampira kanagunda ukonde n'kugwera mbali ya wamanzere uja. Wopambana anagwada pansi, bwalo lonse likukuwa. Namwino anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Dikira," anatero atelala.

Kamera inapita kwa woluza. Anali yekha pa benchi, akulongedza matawulo m'chikwama. Atelala anagwira tebulo, nadzuka movutikira, mawondo akulira. Anaima chilili n'kuyamba kuwomba m'manja. Manja awo ouma ankamveka okha m'chipinda monsemo.

Namwino anawayang'ana. Umu ndi mmene amayi ake ankachitira nthawi zonse. Phokoso la wopambana likatha, iwo ankaimirira n'kuwombera woluza, amvekere wopambana ali kale ndi anthu ake.

"Kodi munkawaona, bambo?"

"Ndinkamva," anatero atelala. "Kuseri kwa khomalo."

Sanasiye kuwomba mpaka mtsikanayo, chikwama chili paphewa, analowa m'kanjira kotulukira m'bwalo.