Tsiku Lakhumi la Mwezi Wakumwamba

Mvula yamawawa inayamba m'mamawa ndipo sinafune kukata. Telala anali pa makina ake pafupi ndi khomo, akupinda miyendo ya thalauza, pamene mwana wake wamkazi, namwino, analowa akukutumula ambulera.

"Bambo, andipatsa tchuthi. Pa 14 ndikhala nanu tsiku lonse."

"Pa 14 kuli chiyani?"

"Inu, musandiyese. Amayi akukwanitsa chaka chimwalirire."

"Ndi mawa," anatero telala osakweza mutu.

Banja lawo linali lachihindu. Tsiku lokumbukira womwalira saliyang'ana pa kalendala ya pakhoma, amaliwerengera pa mwezi wakumwamba. Mkazi wa telala anamwalira mwezi ukuchepa, tsiku lakhumi utakhala wathunthu. Iwo amati tsiku limenelo likabweranso, wopitayo amayandikira kudzalandira madzi ndi chakudya m'manja mwa abale ake. Chaka cha mwezi ndi chachifupi, choncho tsikulo limafika msanga.

Telala anatsegula dilowa ya mabatani natulutsa kabuku ka masiku a mwezi. Anali atachonga tsiku la mawa ndi choko chodindira nsalu. Namwino anakatenga nayendetsa chala pamzere. Chala chinaima.

"Timanambala tating'onoti mwationa?"

"Ndationa."

"Mwatiwerenga?"

Telala anayamba kufunafuna sizasi imene inali pamwendo pake.

"Bambo, tsiku la mwezi siliyamba pakati pa usiku ngati lathuli. Lakhumi layamba lero naini koloko, litha mawa m'mawa. Mwambo timachita dzuwa litapendeka. Mawa masana lidzakhala litapita kale. Ndi lero."

Phazi la telala linachoka pa chopondera. Anayang'ana kabukuko nthawi yaitali, kenako anafufuta choko chija ndi chala chachikulu.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ankawerenga ndi amayi ako," anatero. "Ine ndinkangouzidwa. Lero osadya. Lero yatsani nyale."

"Nanga bwanji osafunsa?"

"Ndifunse ndani? Wofunsidwayo ndiye palibe."

Namwino anakhala pa mpando wa makasitomala. Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Tonse tikanawaimika pakhomo. Inu tsiku limodzi, ine sabata ndi theka. Bwenzi akuti chiyani?"

"Bwenzi akuti ndinakwatiwa ndi chitsa."

"Nanga ine?"

"Mwana wa chitsa."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa leveni. Namwino ankayenera kulowa ku wodi twelofu koloko. Telala anamuona akuyang'ana wotchiyo.

"Pita kuntchito. Odwala sadziwa za mwezi."

"Muchita nokha?"

"Ndichita."

"Mapemphero ake mukuwadziwa?"

"Theka."

"Theka linalo lili kwa ine. Ndinkaima pambali pa amayi chaka chilichonse tikamakumbukira agogo, inu mukunamizira kufuna machesi."

"Ndati pita."

"Ndakumvani. Makani amenewa ndinatengera kwa inu, musadandaule."

Anatuluka pakhonde ndi foni. Telala anamva akupepesa kawiri, akulonjeza kugwira Loweruka ndi Lamulungu. Sanatsutsenso. Anadula ulusi ndi mano, napinda thalauza lija mwendo umodzi usanathe.

Namwino anabwerera tsitsi litanyowa.

"Mnzanga andigwirira mpaka faifi. Ine ndikupita kunyumba kukasesa ndi kuteleka mpunga. Inu maluwa ndi mafuta a nyale. Maluwa oyera, Bambo, osati aliwonse."

"Ndikudziwa amene ankakonda."

"Ati?"

"Tating'ono tonunkhira tija. Ankatiika m'tsitsi."

Namwino anawongola kolala ya malaya a bambo ake, natenga ambulera n'kutuluka.

Telala anavundikira makina ndi nsalu, naika kabukuko m'thumba la pamtima kuti kasanyowe. Anakhoma chitseko napita kumsika kukagula maluwa.