Tsiku Limene Mkonono wa Amayi Unatha

Ku Chitawira kwathu, aliyense amene anagonapo pamaliro limodzi ndi amayi anga ankaudziwa mkonono wawo. Azimayi a kumpingo ankawatchula kuti a Jenereta. Amayi ankaseka nawo, koma akafika kunyumba sankasekanso.

Ine ndinkagona nawo chipinda chimodzi chimwalirireni bambo, ndiye ndinkadziwa chimene enawo sankadziwa. Phokosolo silinali loopsa. Poopsa panali pamene lasiya. Amayi ankangoti zii, chifuwa chikulimbana koma mpweya osalowa, kenako n'kudzambatuka ngati munthu amene wavuulidwa m'madzi.

Adokotala anati mafuta a pakhosi ndi amene ankatseka njira ya mpweya amayi akagona. Anawalembera makina opumira: kabokosi ngati wailesi, paipi yaitali, ndi masiki yomangira kumutu. Makinawo ankakankhira mpweya m'mphuno kuti njirayo isatsekeke. Atayamba kuwagwiritsa ntchito, amayi anasiya kusinza m'shopu yawo ya zitenje ku Limbe. Koma shuga ndi BP sizinawasiye, maondonso anali atayamba kukana. Pamapeto pake amalume a Steven anawaperekeza ku India, kumene anawachita opaleshoni yochepetsa chifu kuti thupi litsike.

Anabwerako ine nditangomaliza mayeso a Fomu 4, choncho ntchito yowasamala inagwera ine. Ndinkawaphikira phala lamadzimadzi, n'kumawapatsa pang'onopang'ono pa kapu ya mwana. Adokotala a kuno atawaona, anatiuza tonse awiri kuti makina asasiyidwe mpaka atawayezanso, makamaka pamene akumwa mapilisi amphamvu opha ululu amene anabwera nawo. Anati mapilisiwo amagonetsa kwambiri, moti munthu akabanika thupi limachedwa kumudzutsa. Amayi anavomera. Ine ndinangogwedeza mutu, chifukwa pamaso pa akuluakulu mawu anga satuluka.

Zinthu zinasokonekera masana ena pamene azakhali a Annie, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Naperi kudzazonda wodwala. Ananyamula malalanje ndi nkhuku yootcha, imene amayi sakanatha ngakhale kuilawa. Ine ndinali kuseri ndikuchapa. Azakhali analowa okha kuchipinda, n'kuwapeza amayi akugona, masiki ili kumaso, paipi ikupita kukabokosi. Anaponya jumbo pansi n'kuyamba kulira. Amuna awo anamwalira nthawi ya Kovidi ali pa okosijeni, ndiye kwa iwo masiki inkatanthauza chinthu chimodzi basi.

Amayi anadzuka n'kuyesa kufotokoza kuti si okosijeni, ndi mpweya wamba. Azakhali sanamve. Pofika Lamlungu mpingo wonse unkadziwa kuti amake Stacy akupumira m'makina ndipo atsala madzi amodzi. Poti thupi linali litayambadi kutsika, malaya akulendewera, ena anawonjezera zawo, kuti za ku India ndi chophimbira chabe, matendawo ndi odziwika. Mtsikana wa kushopu anatiuza kuti makasitomala ena ankafunsa ngati shopuyo igulitsidwe.

Kuyambira pamenepo amayi ankati kukacha ndiziphimba makinawo ndi chitenje, ndipo masana anasiya kugona. Usiku ankavalabe, koma atatseka makatani ngati akuchita zoletsedwa.

Kenako kunagwa maliro a mayi Peterson, oyandikana nafe. Mayi amenewa si kuti anali oyandikana nafe chabe. Bambo atamwalira, iwo ndi amene anagona pambali pa amayi pamkeka mpaka tsiku loika, kuwafunditsa, kuwakakamiza kumwa tiyi. Tsono atamva uthengawo amayi anangotenga chitenje chawo cha kumpingo ndi bulangete.

Ndinawauza kuti akhoza kupita kukakhala nawo, nthawi yogona ikakwana n'kubwerera kunyumba, poti ndi pafupi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mayi Peterson? Ndiwasiye agone okha ine ndili pabedi? Nanga anga maliro adzagone ndani, Stacy?"

Iwo atapita, ndinaika makinawo m'chikwama chawo n'kutsatira. Dzuwa linali likulowa. Azibambo anali panja pansi pa tenti, ena akusonkha moto. M'nyumba anali atatulutsa mipando yonse, azimayi atakhala motsamira makoma. Soketi inalipo imodzi pafupi ndi chitseko, atalumikizapo ekisitenshoni yodzaza ndi mafoni. Makina athu anali ndi batire, ndiye zimenezo sizinandidetse nkhawa.

Amayi ataona chikwamacho anadzuka n'kundikokera kukhonde. Analankhula motsitsa mawu. Anati akavala chinthucho m'nyumba ya siwa, pamaso pa azimayi onsewo, ndiye kuti asainira okha zonse zimene anthu akunena. Anati anthu aleka kulira mayi Peterson n'kuyamba kulira iwo. Anatinso thupi latsika kale, mkonono wachepa, ndipo pamaliro munthu sagona kwenikweni, amangotsinzina pakati pa nyimbo. Ndinatchula za mapilisi. Anati amwa limodzi lokha chifukwa kukhala pansi kukuwawitsa mabala.

"Bwerera nacho, mwanawe. Mawa ubwere ndi phala."

Azakhali a Annie anali pakhomo akutiyang'ana. Ndinabwerera nacho.

Kutacha ndinaphika phala, n'kuthira m'fulasiki. Nditafika pamaliropo, azimayi ena anali atayamba kale kusesa, ena kuseri akutsuka miphika. Ndinavula masilipasi n'kulowa. M'chipinda chochezera munatsala anthu ochepa akupinda mabulangete. Amayi anali pakona, atagona chagada, atafunda mpaka pachibwano. Kunyumba sankagona chagada. Adokotala anawaletsa.

Mayi wina wa kwaya atandiona anamwetulira. Anandiuza kuti ndikathokoze madokotala a ku India, chifukwa kwa nthawi yoyamba iwo agona pamaliro osamva jenereta. Anati poyamba linalira ndithu, moti anthu ankagwedezana n'kumaseka, koma chakum'bandakucha linazima lokha, anthu onse n'kupeza tulo. Azakhali anawonjezera kuti amayi ankangotembenukatembenuka ndi ululu, ndiye iwo anawapatsa mapilisi awiri a chimfine ogonetsa aja kuti apumuleko.

"Asiye agone, mwana iwe. Atopa mayi ako."

Ndinaika fulasiki pansi. Ndinagwada pambali pawo n'kumvetsera, monga ndinkachitira kale tisanakhale ndi makina, kudikira kuti adzambatuke. Sanadzambatuke. Milomo yawo inali itada modabwitsa. Ndinawagwedeza phewa, ndinaitana. Mpweya unalipo, koma wapatalipatali, wochepa ngati wa kamwana ka mphaka.

Sindikumbuka kuti ndinakuwa. Anthu amati ndinakuwa. Mwana wa mayi Peterson, a Frank, anasiya maliro a mayi awo n'kutulutsa galimoto imene inayenera kukatenga bokosi. Amayi tinawagoneka kumpando wakumbuyo, mutu wawo uli pamiyendo panga. Pamsewu panali mzere wa anthu opita kuntchito, maminibasi akuima paliponse kutola anthu. A Frank ankangoliza hutala. Azakhali anali kutsogolo akupemphera mokweza, kenako anasiya, n'kuyamba kubwereza kuti iwo ankangofuna kuthandiza.

Kuchipatala anawaika pa okosijeni weniweni. Adokotala anandifunsa ngati amayi anagona ndi makina awo, ndiponso chimene anamwa. Ndinayankha zonse nditayang'ana pansi. Sanandikalipire. Anangoti ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda mpweya wokwanira, ndipo tidikire.

Tinadikira. Mayi Peterson anaikidwa ife tili pabenchi ya kuchipatala. Amayi sanatsegule maso. Anamwalira Lachisanu masana, ine nditapita pageti kukagula madzi.

Pofika kunyumba madzulo ake, tinapeza anyamata akutulutsa mipando yathu panja. Tenti yomwe ija inali itasamuka kwa a Peterson n'kuima pabwalo pathu. Azimayi anayamba kufika ndi mikeka ndi mabulangete: a kumpingo, a kumsika wa Limbe, ena ochokera ku Ndirande amene sindinawaonepo. Chipinda chochezera chinadzaza, kukhitchini kunadzaza, ena anayala pakhonde. Mayi wa kwaya uja anandigwira dzanja n'kunena kuti ndione mmene amayi ankakondedwera, kuti palibe amene wabwerera kukagona kwawo.

Ndinathawira kuchipinda. Makina anali pomwe ndinawabwezera tsiku lija, pakatebulo pambali pa bedi, kanyali kobiriwira kakuyaka. Masiki inali idakali ndi fungo la mafuta odzola a amayi. Ndinakhala pabedi nditaigwira.

Chitseko chinatseguka. Anali azakhali, maso atatupa, m'manja atanyamula mafoni anayi kapena asanu ndi matchaja ake. Anayang'ana makinawo, kenako anayang'ana kumbali. Anati ekisitenshoni ya pabalaza yadzaza, ndipo azimayi akufuna kuimbira achibale akumudzi.

"Soketi iyi ikugwira, Stacy?"

Ndinati ikugwira. Ndinazula makinawo n'kuwapatsa malo.