Nkhope ya pa Khadi la Ukwati

Tisungeni anali atatopa nako kumwetulira. Kuyambira m'mawa anali chiimire kuseri kwa situdiyo yojambulira zithunzi ya a Gerishon pa Lisungwi ku Neno, dzuwa likumuotcha pakhosi, makamera awiri atamuloza ngati wapalamula. Ina inali ya a Gerishon eni ake, kakamera kakale kosupuka m'makona, komanga ndi mphira potsekera batire. Inayo inali ya Jessie, mlongo wake wa Kingsley, yemwe anabwera nayo kuchokera ku Blantyre ikadali m'bokosi.

Chinkafunika chinali chithunzi chimodzi chokha, choika pa khadi la ukwati. Kingsley, mwamuna wodzamukwatira Tisungeni, anali wa ku Kasungu ndipo ku Neno anabwera ndi ntchito ya zaumoyo. Pa chinkhoswe akuchimuna anangobwera amalume ndi Jessie, popeza mayi ake a Kingsley ankavutika miyendo. Iwo ndi abale ena ambiri anali asanamuone mkaziyu ndi maso.

Atalowa m'situdiyo, a Gerishon anaika zithunzi ziwirizo pakompyuta moyandikana. Jessie sanadikire kufunsidwa. Anati kamera yake inali ndi mamegapikiselo ochuluka, timadontho timene timapanga chithunzi, pomwe ya a Gerishon inali ya nthawi ya makolo, ndipo anawauza kuti akulitse zithunzizo aliyense adzionere. Anakulitsadi. Pa chithunzi cha Jessie ulusi wa pakolala unkaoneka umodziumodzi, ngakhale kamwala ka pandolo. Cha a Gerishon chitakula chinayamba kuphwanyika, ndolo ija n'kungokhala kadontho. Mkuluyo anaseka, navomera kuti pa zokulitsa wagonja, koma anati khadi la ukwati silikula ngati chitseko.

Tisungeni sankayang'ana ndolo. Diresi limene anavala anasoka yekha pamakina ake, nsalu yobiriwira kwambiri ngati masamba a nachesi. Pa chithunzi cha a Gerishon linali lomwelo. Pa cha Jessie linali lotuwa ngati lachapidwa chaka chonse. Kenaka anayang'ana nkhope. Mkazi wa pachithunzipo anali woyera, masaya osalala ngati chidole cha m'sitolo. Tisungeni anali wakuda, wakuda ndithu, ndipo anatambasula mkono wake n'kuugunditsa pagalasi la kompyuta.

"Uyu ndi ndani?" anafunsa.

A Gerishon anafotokoza kuti makamera ena atsopano akazindikira nkhope ya munthu amaiyeretsa okha ndi kuisalaza, ndipo pochita zimenezo amasokoneza mitundu ya zovala. Anati zimenezi zimatheka kuzimitsa, natambasula dzanja kuti aione kamerayo. Jessie anaibweza msanga n'kuiika pachifuwa.

"Musakhudze, ndinatchera dala. Alamu, musavutike mtima. Amayi nkhope imene akuidziwa ndi imeneyi."

Tisungeni anafunsa kuti akuidziwa bwanji, ndipo Jessie, ataona kuti mawu amupulumuka, anayamba kuzungulira. Potsiriza anaulula kuti chithunzi cha Tisungeni chimene Kingsley anatumiza kumudzi chaka chatha, Kingsley yemweyo anayamba wachikonza pafoni. Azakhali atachiona analulutira kuti mwana wawo wapeza mkazi wowala, ndipo nkhani inafala mudzi wonse. Tsopano khadi likapita ndi nkhope ina, anthu adzati chiyani?

Tisungeni anakhala pabenchi. Ali kusukulu anzake ankamutcha Makala, ndipo ankalira m'njira yonse yobwerera kunyumba. Atakula, msuweni wake anamubweretsera mafuta oyeretsa khungu, iye n'kukana. Msuweniyo lero masaya ake anali ndi zipsera ngati anapsa ndi moto. Kingsley ankazidziwa zonsezi. Tisungeni anamuuza yekha, tsiku lina akuchokera kutchalitchi, ndipo mnyamatayo anamugwira dzanja n'kunena kuti anamukonda mmene alili.

Dzuwa lili pamutu, njinga yamoto ya Kingsley inaima pakhomo. Analowa akupukuta thukuta, akufunsa mwansangala ngati ojambulawo agwirizana. Atangoona zithunzi ziwiri zija ndi nkhope ya mlongo wake, chimwemwe chinamuthera. Sanakane. Anati inali nkhani yaing'ono, ankangofuna kuti abale amulandire bwino, chifukwa azakhali ake ndi anthu a pakamwa. Anati akadzamuzolowera palibe adzalabadire za khungu.

"Ndiye mayi anu akudikira mkazi amene kulibe," anatero Tisungeni. "Tsiku la ukwati ndidzalowa m'tchalitchi ndi nkhope iti? Kapena Jessie adzaima pakhomo ndi kamera yake kuti anthu azindionera mmenemo?"

Jessie anayesa kuseka, nanena kuti masiku ano aliyense amakonza zithunzi, ngakhale akazi a mabwana. Tisungeni anamuyankha mosakweza mawu kuti amenewo amakonza zawo, osati kukonzeredwa ndi eni mwamuna iwo asakudziwa. Kenaka anatembenukira kwa a Gerishon n'kuwapempha kuti atsuke chithunzi cha kamera yawo yakale ija, chimodzi chokha. Za makadi anati ziyambe zaima.

Makina analira, pepala linatuluka pang'onopang'ono. Chithunzicho sichinali chakuthwa ngati chinzake, koma diresi linali lobiriwira ndipo mkazi wa pachithunzipo anali Tisungeni. Anachiika mu envulopu n'kumupatsa Kingsley.

"Mupite nacho ku Kasungu. Mukawapatse mayi m'manja, ndipo mukawauze ndi pakamwa panu kuti choyamba chija munachikonza ndinu. Akakandikana, akandikane ine weniweni."

Kingsley anati ulendo wa ku Kasungu ndi wautali, bwanji angochijambula ndi foni n'kutumiza pompo. Tisungeni anakana, nati foniyo ndi imene inayambitsa bodza. Jessie analowererapo kuti tsiku la ukwati linalengezedwa kale kutchalitchi, makadi akachedwa anthu ayamba kulankhula.

"Alankhule," anatero Tisungeni. "Akhala akundilankhula kuyambira ndili mwana."

Tisungeni anawathokoza a Gerishon, natuluka. Kingsley anamutsatira mpaka pamsewu akumuitana dzina, koma iye sanacheuke. Anadutsa pakati pa njinga za kabaza ndi amayi ogulitsa tomato, mutu uli m'mwamba. Atafika pakhonde la sitolo pomwe ankasokera, anavundukula makina ake n'kuyamba kupinda mayunifolomu a ana asukulu. Misozi inabwera, iye anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja osaimitsa phazi.

Masiku otsatira Kingsley sanaoneke. Jessie anabwerera ku Blantyre osatsanzika. Mayi ake a Tisungeni atamva nkhaniyo anadandaula kuti mwina wawonjeza, amuna a ntchito sapezeka wamba, koma mwana wawo anangoti ngati ukwatiwo ukufuna nkhope ina, ukapeze mwini nkhopeyo.

Lachisanu m'mawa, akutsegula makina, anamuona Kingsley pasiteji ya minibasi zopita ku Zalewa, njira ya ku Kasungu, chikwama kumsana, envulopu ija ili m'manja. Mnyamatayo anayang'ana kukhonde kuja nthawi yaitali asanakwere. Tisungeni sanamubayibitse. Anadikira minibasi inyamuke, kenaka anatulutsa nsalu yoyera ya diresi la ukwati imene anafuna kuidula sabata imeneyo, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'chikwama yosadula.